Kusunga ndi kusewera magemu akale a pa TV

Makina a magemu a m'nyumba ndi kabokosi kamene munthu amalumikiza ku TV, n'kulowetsamo kaseti kapena chimbale cha gemu, kenaka n'kumasewera ndi chowongolera cha mabatani chimene amagwira m'manja. Makina otere akhala pa msika kwa zaka zoposa 50 tsopano. Mtundu uliwonse umagulitsidwa zaka zingapo, kenaka kampani imatulutsa wina wamphamvu kuposa woyambawo, n'kusiya kupanga wakalewo. Koma osiyidwawo sadathere onse kudzala. Ku Japan, ku America, ku Ulaya ndi ku Brazil kuli anthu ambiri amene amawafunafuna, kuwagula, kuwakonza ndi kumasewerapo magemu monga ankachitira eni ake oyamba. Anthuwa akamati makina akale, kawirikawiri amanena a kuyambira m'zaka za m'ma 1970 mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000.

Oyamba enieni adali Magnavox Odyssey, amene adatuluka ku America m'chaka cha 1972. Mwini maganizo ake adali Ralph Baer, injiniya wobadwira ku Germany amene adathawira ku America ali mnyamata. Odyssey sinkatulutsa mawu, ndipo pa TV inkangoonetsa timadontho toyera tingapo. Kuti bwalo la mpira lioneke, wosewera ankamata pepala la pulasitiki lojambulidwa pagalasi la TV, ndipo zigoli ankawerenga okha osewerawo. M'chaka cha 1976 kampani ya Fairchild idatulutsa Channel F, makina oyamba a makaseti okhala ndi pulogalamu ya gemu m'kati mwake. Adatsogolera ntchitoyo ndi Jerry Lawson, mmodzi mwa mainjiniya achikuda ochepa amene adali m'ntchito imeneyi panthawiyo. Kasetiyo ndi imene idalekanitsa gemu ndi makina, kotero kuti munthu ankagula makina kamodzi, magemu n'kumawonjezera mmodzimmodzi malinga ndi thumba lake. Kusonkhanitsa magemu kudayambira pamenepo.

Chaka chotsatira, 1977, kampani ya Atari idatulutsa makina amene pambuyo pake adadziwika kuti Atari 2600, ndipo idagulitsa pafupifupi 30 miliyoni. Malo amene makinawa ankasungiramo zowerengera gemu ili m'kati adali okwana mabayiti 128 okha, osafika ngakhale uthenga umodzi wodzaza wa SMS. Malonda adayenda bwino mpaka aliyense adafuna kudya nawo. Makampani osadziwika adadzaza masitolo ndi magemu opangidwa mothamanga, ogula adatopa nawo, ndipo m'chaka cha 1983 msika wa ku America udagwa. Gemu imene imatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi E.T. the Extra-Terrestrial, imene idapangidwa m'masabata asanu okha kuti ipezeke m'masitolo pa Khirisimasi ya 1982. Atari idakwirira makaseti ambirimbiri osagulidwa kudzala la mumzinda wa Alamogordo ku New Mexico. Kwa zaka zambiri anthu ena ankati imeneyi ndi nthano chabe, kufikira mu April 2014 pamene malowo adakumbidwa, makasetiwo n'kupezekadi.

Idadzutsanso msikawo ndi Nintendo, kampani ya ku Kyoto imene idayamba m'chaka cha 1889 ngati yopanga makhadi osewerera. Mu July 1983 idatulutsa Famicom ku Japan, ndipo m'chaka cha 1985 idapita nayo ku America itaisintha maonekedwe ndi kuipatsa dzina lakuti Nintendo Entertainment System, mwachidule NES. Poopa zimene zidagwera Atari, Nintendo idaika mu NES kachipu kokana kaseti iliyonse yopanda chilolezo chake. Pa makina amenewa ndi pamene padatulukira Super Mario Bros. ya Shigeru Miyamoto ndi anzake, gemu yokwana makilobayiti 40 okha. Malo adali ochepa moti mitambo yakumwamba ndi tchire lapansi m'gemuyi ndi chithunzi chimodzimodzi, adangosintha mtundu, china choyera china chobiriwira. Ochisewera ambiri sazindikira mpaka wina atawauza. Luso lotere, lopanga zambiri ndi zochepa, ndi chimodzi mwa zifukwa zenizeni zimene magemu a nthawi imeneyo amalemekezedwera mpaka lero.

Kuchokera apo mpikisano udakula. Sega idatulutsa Mega Drive m'chaka cha 1988, imene ku America imatchedwa Genesis, n'kubweretsa Sonic the Hedgehog mu 1991 kuti alimbane ndi Mario. Nintendo idayankha Mega Drive ndi Super Famicom mu 1990. Mu December 1994 Sony idalowa m'bwalo ndi PlayStation, imene inkagwiritsa ntchito zimbale, zotsika mtengo kupanga komanso zosunga zambiri kuposa kaseti. Nintendo 64 ya 1996 idakakamira makaseti, ndipo makampani ambiri opanga magemu adasamukira kwa Sony. Sega idayesa komaliza ndi Dreamcast mu 1998, koma mu 2001 idasiyiratu kupanga makina. PlayStation 2 ya chaka cha 2000 idagulidwa yoposa 150 miliyoni.

Mbiri imeneyi ndi ya maiko amene makampaniwa ankagulitsako katundu wawo. Kwina konse ana adamudziwira Mario pa makina otengera Famicom, opangidwa ku Taiwan ndi ku China popanda chilolezo. Ku Russia adatchuka ndi dzina lakuti Dendy, ku Poland Pegasus, pamene ku South Africa ankangoti TV Game. Makaseti ake ankalembedwa kuti muli magemu masauzande, koma kwenikweni mudali ochepa obwerezedwabwerezedwa ndi maina osiyana. Ku Brazil zidayenda mwina: kampani ya Tectoy idatenga chilolezo kwa Sega, n'kupitiriza kupanga makina a Sega otchedwa Master System kwa zaka makumi angapo kwina konse atayiiwala kale. Masiku ano ngakhale makina otengerawo ali ndi owasonkhanitsa, ndipo mpake, chifukwa ndi amene adafikitsa magemu kwa anthu amene makampani akuluakulu sankawawerengera.

Osonkhanitsa amasiyanitsa kaseti yopezeka yokha, kaseti yokhala ndi bokosi lake pamodzi ndi kabuku ka malangizo, ndi imene sidatsegulidwepo chichokere ku fakitale. Mitengo yake imatalikirana kwambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: mabokosi a magemu a Nintendo adali a makatoni, ndipo mwana akalandira gemu ankang'amba bokosilo n'kulitaya tsiku lomwelo. Kaseti yapulasitiki idapirira, katoni sidapirire. Pa magemu ena bokosi lopanda kanthu limaposa mtengo wa gemu yeniyeniyo.

Mtengo sutsata ubwino wa gemu, umatsata kusowa kwake. Kaseti yophatikiza Super Mario Bros. ndi Duck Hunt ndi yotsika mtengo chifukwa inkaperekedwa pamodzi ndi makina, ndipo ilipo yambirimbiri. Koma Stadium Events, gemu ya mpikisano wothamanga imene kampani ya Bandai idatulutsa ku America mu 1987, imafika madola masauzande ambiri. Idakhala m'masitolo kanthawi kochepa, kenaka Nintendo idaitenga n'kuitulutsanso ndi dzina lina, World Class Track Meet. Ya dzina latsopanoli ndi gemu yomweyomweyo, koma palibe amene amaithamangira. Enanso osowa ndi makaseti a mpikisano wa Nintendo World Championships wa 1990, amene amtundu wagolide adaperekedwa 26 okha. Mu March 2020, makina oyesera amene Sony ndi Nintendo adapangira limodzi asadasiyane adagulidwa pa okushoni ku America pa madola 360,000.

Chaka cha 2021 ndi chimene mitengo idalusa. Mu July, kaseti yosatsegula ya The Legend of Zelda idagulidwa pa madola 870,000, ndipo patangopita masiku awiri ya Super Mario 64 idafika madola 1.56 miliyoni, chonsecho Super Mario 64 si gemu yosowa, idagulitsidwa mamiliyoni. Makaseti oterewa amayamba apita ku makampani oyesa katundu, amene amawapatsa malikisi malinga ndi kusamalika kwa bokosi n'kuwatsekera m'kabokosi kapulasitiki koonekera. Osonkhanitsa akale ambiri sadakondwe nazo, ndipo mitengo idatsika kwambiri m'zaka zotsatira. Kudandaula kwawo kuli ndi maziko. Gemu yotsekeredwa chotere palibe amene angaisewere, ndiponso palibe amene akudziwa ngati ikugwirabe ntchito, pakuti kuitsegula n'kuiphera mtengo. Choipa china n'chakuti mbiri ya mitengo yotere imakweza ngakhale makaseti wamba, munthu wongofuna kusewera n'kumalephera kugula.

Pamene pali ndalama, achinyengo salephera kufika. Makaseti abodza a magemu odula ali ponseponse pa intaneti, ena ofanana ndi enieni moti diso lokha silingasiyanitse. Odziwa amayang'ana kasindikizidwe ka chizindikiro chapamwamba, kulemera kwa pulasitiki ndi mtundu wa tizomangira takumbuyo, koma umboni weniweni uli m'kati. Amatsegula kasetiyo ndi sikuludiraiva yapadera, n'kuona bolodi: yeniyeni imakhala ndi dzina la kampani ndi machipu a nthawi yake, pamene yabodza imakhala ndi bolodi yaing'ono yamakono, kawirikawiri yokhala ndi dontho lakuda lokwirira kachipu. Wogulitsa gemu yodula amene akukana kuonetsa chithunzi cha bolodi ndi wofunika kumukayikira. Malo odziwika ogulirako ndi dera la Akihabara mu Tokyo, kumene kuli masitolo ngati Super Potato, komanso masitolo a zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito a Hard Off m'madera ambiri a Japan. Katundu wochokera ku Japan amakonda kukhala wosamalika bwino, ndipo magemu ambiri kumeneko ndi otsikirapo mtengo kusiyana ndi anzawo a ku America.

Kugula ndi mbali yosavuta. Zovuta zimayamba makina akafika pakhomo, ndipo choyamba ndi magetsi. Ku Japan magetsi a m'nyumba ndi a mavoliti 100, ku America 120, pamene ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain ndi a pakati pa 220 ndi 240. Makina a ku Japan kapena ku America akalumikizidwa kukhoma kuno popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu, adaputala yake imapsa nthawi yomweyo, mwinanso makina omwe. Ngakhale maadaputala ooneka ofanana sasinthanitsidwa mwachisawawa. Ya NES imatulutsa magetsi a AC pamene Famicom imafuna a DC, ndipo ma Famicom ambiri adaonongeka chifukwa mwini wake adaona kuti pulagi ikulowa bwinobwino n'kuganiza kuti zonse zili bwino.

Chachiwiri ndi TV. Kale maiko adagawikana pa kaonetsedwe ka zithunzi. America ndi Japan ankagwiritsa ntchito njira ya NTSC, imene imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, pamene mbali yaikulu ya Ulaya ndi maiko a kummwera kwa Africa ankagwiritsa ntchito PAL, ka 50 pa sekondi. Magemu ambiri adapangidwira NTSC, ndipo powabweretsa ku maiko a PAL sadawakonzenso, choncho ankayenda pang'onopang'ono ndi gawo limodzi mwa magawo 6. Sonic wa ku London amathamanga mochedwerapo kusiyana ndi wa ku Tokyo, nyimbo zomwe zimakoka. Makina a NTSC akalumikizidwa ku TV yakale ya PAL yokha, chithunzi chimatuluka chopanda mitundu kapena chimangogubuduzika. Pamwamba pa izi pali malire amene makampani adaika dala: kaseti ya Famicom ili ndi timano 60, ya NES 72, ndipo sizilowana popanda cholumikizira chapadera.

Osewera okhwima amasunga ma TV akale aja a chimsana kumbuyo, otchedwa CRT, ndipo sikuti n'kukonda zakale chabe. Ojambula zithunzi za magemuwa ankagwira ntchito akuyang'ana TV yoteroyo, imene imasakaniza timadontho toyandikana, chithunzi n'kuoneka chosalala. Pa TV yamakono yopyapyala, chithunzi chomwecho chimaoneka cha timabokosi takuthwa kapena chosungunuka. TV yamakono imayambanso yakonza chithunzi isadachionetse, ndipo kuchedwa kwa kamphindi kochepa kumeneko n'kokwanira kugwetsera Mario m'dzenje wosewera atadina batani pa nthawi yake. Mfuti ya Duck Hunt, gemu yowombera abakha, ndiye imakaniratu. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kakuti munthu akawomba, TV imada yonse kwa kamphindi kosaoneka ndi maso, kenaka pamalo pa bakha pamaoneka kabokosi koyera, ndipo kadiso ka m'mfutimo kamaona ngati kaloza poyera kapena pakuda. Zonsezi zimadalira kuti TV ionetse chithunzi pa nthawi yeniyeni imene makina achitumiza, chimene TV yamakono sichita. Amene alibe CRT amagula tizipangizo monga OSSC kapena RetroTINK, timene timasandutsa chithunzi chakale kuti chilowe pa HDMI mosachedwa, koma mfuti ija simachira nato.

Ukalamba nawo uli ndi matenda ake, ndipo mtundu uliwonse wa makina uli ndi ake odziwika. NES ya ku America ndi ku Ulaya imalandira kaseti kutsogolo, wosewera n'kuikanikizira pansi. Kukanikiza kumeneku kumapinda timano ta m'kati pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina kagetsi kofiira kamangophethira, gemu osayamba. Ana a nthawi imeneyo m'maiko ambiri adaphunzira kuuzira mpweya m'kaseti, koma chimene chinkathandiza kudali kuitulutsa ndi kuibwezeramo. Mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi chimene chimadyetsa timanoto dzimbiri. Njira yoyenera ndi kupukuta ndi kathonje konyowetsedwa ndi spiriti ya isopropyl, imene imauma msanga.

Makaseti ena ali ndi kabatire kozungulira ka CR2032 m'kati, kosunga pamene wosewera walekezera. The Legend of Zelda, imene idafika ku America mu 1987, ndi imodzi mwa zoyamba kukhala nako. Timabatire timeneti takhala zaka zambiri kuposa mmene opanga ankayembekezera, koma kakatha, zonse zimene mwini wake adasunga zimafufutika. Kusintha kumafuna wodziwa kuwotcherera, chifukwa kadamatidwa ku bolodi. Oopsa kwambiri ndi makapasita, amene akakalamba amachucha madzi odya tinjira ta mkuwa ta pa bolodi. PC Engine Duo ya kampani ya NEC imadziwika ndi vuto limeneli, chimodzimodzinso Xbox yoyamba ya 2001, imene kapasita yake yosunga nthawi eni ake ambiri amangoichotsa isadachuche. Zoterezi zimachitika ngakhale makina ali chikhalire m'kabati, ndipo amene sayatsidwa ndi amene vuto lake limadziwika mochedwa. Pa makina a zimbale, diso lowerenga chimbale limafooka. Pulasitiki ya Super Nintendo imasanduka yachikasu, ndipo ena amaiyeretsa ndi hydrogen peroxide padzuwa, ngakhale chikasucho chimakonda kubwerera. Kumalo otentha ndi a chinyezi, adani ena ndi fumbi, nkhungu ndi mphemvu, zimene zimakonda kufunda kwa m'kati mwa makina. Ntchito zambiri mwa izi wokonza mawailesi ndi ma TV waluso angathe kuzigwira, pakuti mabolodi a nthawi imeneyo ali ndi zipangizo zazikulu zooneka ndi maso.

Amene sangakwanitse zonsezi ali ndi njira zina. Pali mapulogalamu otchedwa emulator, amene amachititsa kompyuta kapena foni kuti izichita ngati makina akale. Pali makaseti amakono monga EverDrive, amene amalowa m'makina enieni koma magemu ake amakhala pa memori khadi. Palinso makina atsopano monga MiSTer ndi a kampani ya Analogue, amene amatengera kagwiridwe ka ntchito ka machipu akale enieniwo. Makampani eni ake adaonanso kuti msika ulipo: Nintendo idatulutsa NES Classic Edition mu 2016, kamakina kokwana m'dzanja kokhala ndi magemu 30, ndipo Sony ndi Sega adatsatira mu 2018 ndi 2019. Pa malamulo, magemu akale akadali ndi eni ake ngakhale sakugulitsidwanso, choncho kuwakopera pa intaneti popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo la umwini m'maiko ambiri.

Chimene chimakoka anthu kuti azisewerabe magemuwa si kukumbukira ubwana kokha, pakuti ambiri mwa osewera lero adabadwa makinawo atasiya kale kupangidwa. Gemu ya pa kaseti ndi yathunthu: sifuna intaneti, sifuna kulembetsa, siitanitsa ndalama zina, ndipo imayamba munthu akangoyatsa. Malamulo ake amamveka m'mphindi imodzi, koma kuigonjetsa kumatenga miyezi. Zowongolera zimakhala ziwiri za zingwe zazifupi, choncho osewera amakhala moyandikana m'chipinda chimodzi. Mpikisano wa Classic Tetris World Championship, umene udayamba mu 2010, umachitikira pa NES zenizeni ndi ma TV a CRT, ndipo m'zaka zaposachedwa akhala akupambana ndi achinyamata. Mu December 2023, Willis Gibson, mnyamata wa zaka 13 wa ku Oklahoma, adasewera Tetris ya NES mpaka pa gawo 157, pamene pulogalamu ya gemuyo idalephera kuwerengera n'kuima, chinthu chimene padalibe munthu adachichitapo chitulukire gemuyo mu 1989. Ena akupangira makina akalewa magemu atsopano. Micro Mages, imene anyamata awiri adatulutsa mu 2019, ndi ya NES ndipo idakwana m'makilobayiti 40 omwe aja a Super Mario Bros.

Nkhani yosunga magemu yafikanso ku nyumba zosungiramo zinthu zakale. The Strong National Museum of Play mumzinda wa Rochester ku New York ili ndi makina ndi magemu masauzande ambiri, ndipo mu 2012 Museum of Modern Art idalandira magemu 14, kuphatikizapo Pac-Man ndi Tetris. Komabe kafukufuku amene bungwe la Video Game History Foundation lidatulutsa mu 2023 adapeza kuti mwa magemu 100 alionse amene adatuluka ku America chisadafike chaka cha 2010, okwana 87 sakugulitsidwanso mwa njira iliyonse. Wofuna kuwasewera movomerezeka ayenera kupeza kaseti kapena chimbale chakale, ndi makina amoyo oti achiwerenge. Makampani nawo adasiya kale kuthandizapo: Nintendo idaleka kupanga Famicom mu 2003 ndipo mu 2007 idaleka kuikonza chifukwa zipangizo zidasowa, pamene Sony idatseka ntchito yokonza PlayStation 2 ku Japan mu 2018. Zipangizo zosinthira zimene zikupezeka lero, monga timano 72 ta NES, mapaketi a makapasita owerengedwa kale a mtundu uliwonse wa makina, ndi timabolodi tolowa m'malo mwa diso la chimbale, akupanga ndi timakampani tating'ono ndi anthu wamba okonda magemuwa, amene amagawana mapulani a mabolodi ndi malangizo a kakonzedwe kwaulere.